Timikunga ta pa Mchenga wa Songosongo

3 Febuluwale
Miono yonse yopanda kanthu. Madzulo chinangwa ndi mchere basi. Pansi paja, pamchenga pomwe ndimatchera, patsala timikunga tokha, tija timaima m'mauna mitu m'mwamba ngati udzu. Mthunzi wa bwato ukangodutsa, tonse lowu! Mlamu wanga Mbwana wagulanso feteleza ndi mabotolo. Akuti ndi wa kumunda. Munda wake uti, munthu wosadziwa ndi mpini womwe?

6 Febuluwale
Ndinamupeza padoko. Ndinamuuza kuti mabomba ake a fetelezawo, ophera nsomba, asafike pa miono yanga. "Alamu, nyanja si dimba la bambo anu," anatero, kenako nkhafi pakamwa panga. Dzino pansi. Inenso ndinamutsamwitsa mpaka anthu anatileretsa. Mwanajuma, mlongo wanga weniweni, anathamangira kupukuta mwamuna wake. Ine magazi ndinatsuka ndekha.

11 Febuluwale
Ndinali pansi pa madzi, ndikumasula mono. Timikunga tonse tinalowa kamodzi, chonsecho ndinali ndisanatiyandikire. Kuyang'ana m'mwamba, mthunzi wa bwato lina. Ndinasiya mono, n'kuthawira kuseri kwa thanthwe. Kenako bomba phuu! Chifuwa ngati andiponda. Magazi m'khutu, magazi m'mphuno. Bwato langa linali pomwepo pamwamba, lowonekeratu. Mbwana analiwona. Ankadziwa kuti ndili pansi.

15 Febuluwale
Khutu lamanzere lafa. Ndinabwererako. Timikunga tili mbwee pamchenga ngati zingwe zoduka, nkhanu zikudya. Tinandipulumutsa ine, tokha tinalibe kothawira. Ndinalira, galasi losambirira lili kumaso. Mwanajuma sanabwere kudzandizonda. Chikwanje ndanola, chili pansi pa mphasa. Ndimamuda Mbwana ameneyu, Mulungu andikhululukire.

19 Febuluwale
Mbwana sindinamukhudze. Botolo lamuphulikira m'manja mmawa uno. Anamubweretsa atamukulunga m'thanga la bwato, mkono wathera m'chigongono, nkhope yosazindikirika. Chingwe chomwe anamangira mkonowo ndi cha mono wanga, womwe ndinausiya pansi tsiku lija, iye n'kuuba. Ndimayesa ndikondwa. Ayi ndithu.

20 Febuluwale
Kuchipatala ku Kilwa akufuna munthu wopereka magazi oti amuike Mbwana. Anzake a mabomba onse abisala, akuopa apolisi. Mwanajuma wabwera, wagwada pakhomo, chitenje chouma gwa ndi magazi. "Achimwene, ana anga asakhale amasiye." Ndinamulozetsa khutu lakufali. Koma ndinamva.

Boti lopita ku Kilwa linyamuka madzi akadzaza padoko. Madziwo afika kale pamiyala. Mwanajuma sanadzuke pakhomopo, ndipo ine malaya ndili nawo m'manja, koma sindinawavalebe.