Timabokosi ta Bambo Tikwera Nawo Bwato

Lachinayi madzulo, Makhanga. Tsiku lonse mtima wanga uli m'mwamba.

Madzi afika pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mwini bwato wati mawa atenga anthu okha, katundu ayi. Amayi akana kukwera popanda timabokosi takuda tonyezimira, tojambulidwa akavalo, timene malemu bambo ankasonkhanitsa akuphunzira ku Rasha.

"Amayi, ndi timabokosi chabe," ndinatero.

"Nanga bambo ako anandisiyira chiyani china?"

Ndasokerera timabokosi tonse tisanu ndi tiwiri m'chitenje, ndikamange pamimba ngati ndili ndi pakati. Mwini bwato akakazindikira n'kutitsitsa, kaya. Kusambira sindidziwa, amayinso sadziwa. Mvula ija yayambanso...