Mijigo Iwiri Yoyang'anizana

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, nanenso mtima sunazizire.

M'mawa ndinapita ku Uraha kukajambula malo a mijigo ndi GPS. Ndinapeza mijigo iwiri yatsopano itayang'anizana, pakati pali msewu wokha. Wina tinakumba ndife, winawo anakumba a bungwe lina. Mudzi wa kutsidya kwa mtsinje ulibe ngakhale umodzi. Mayi wina wa kumeneko, ndowa ili pamutu, anandifunsa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chinkhonde kuti, "Achimwene, kodi ife pa mapu anuwo tilipo?"

Alipo ndithu, koma ali mu laputopu ya abwana, momwe mapu athu onse amagona. A bungwe aja anadzapempha mapuwo asanakumbe, abwana n'kuwauza kuti abwerenso tsiku lina. Anatopa, anangokakumba.

Masana ndinaika malo onse a mijigo ya ku Uraha pa nkhokwe ya mapu a dziko lonse ya pa intaneti, ija anatiphunzitsa ku Lilongwe, kuti wofuna kukumba aziyamba waona. Abwana atamva anandiitanitsa.

"A Phiri, mapu amenewa ndi a ofesi ino. Muwachotse mawa, apo ayi ndikusamutsirani kutali."

Ndinangoti, "Ndamva, bwana."

Kumva ndamvadi, koma kuchotsa sindichotsa. Kwathu ndi ku Mulanje, ana anga ali komweko, ine ndili ku Karonga kuno. Kutali kwinanso n'kuti?

Mawa ndikuika mijigo ya ku Hara.