Ziro Amene Ndinalemba

Lolemba, 9 Febuluwale
Mvula tsiku lonse. Matenda a kolera afika m'madera atatu. Ntchito yanga ndi yomwe ija, kulowetsa mu kompyuta manambala a odwala ochokera m'zipatala. Iyo inaphunzira kuchokera ku miliri yakale, mvula ndi zitsime, ndiye imapaka mapu. Kofiira nkomwe matenda alowere, kobiriwira kulibe nkhawa. Mankhwala ndi manesi amatsata kofiira.

Achemwali aimba foni, akufuna ana awo adzakhale kwa ine mpaka mliri utadutsa. Chipinda chimodzi, ana atatu! Ndayang'ana mapu, kwawo kuseri kwa fakitale nkobiriwira. Ndawauza kuti makina akuti kulibe nkhawa, akhale konko. Kunena zoona, mtima unatsika.

Lachitatu, 11 Febuluwale
Abwana akunyadira makina awo ngati mwana woyamba. "Awa sanama, amaona za mawa." Malole awiri a mankhwala apita kumpoto kwa mzinda. Mu ofesi tikusamba m'manja mpaka khungu kutuwa. Ine ndikuopa ngakhale chogwirira cha chitseko.

Lachisanu, 13 Febuluwale
Mtima uli m'mwamba. Mnzanga wa desiki yoyandikana wafunsa kuti bwanji chipatala cha kuseri kwa fakitale chili ndi ziro masiku khumi ndi awiri otsatizana. Ndaseka, kenako ndathawira kubafa.

Chipatalacho sichinatumize kalikonse. Kompyuta imakana fomu ikakhala ndi bokosi lopanda kanthu, ndiye timangolembamo ziro kuti idutse. Tonse timatero, ndinazipeza choncho. Koma maziro awa ndinalemba ndine. Makina anamva kuti kulibe wodwala.

Ndaimba kuchipatalako kanayi. Palibe woyankha.

Loweruka, 14 Febuluwale
Nesi wayankha. Kalaliki wawo ali pa diripi kuyambira sabata yatha, nchifukwa chake kunali zii. Odwala mpaka pakhonde, madzi a diripi atsala pang'ono kutha. "Inu a kumaofesi, tinakulakwirani chiyani?"

Achemwali akuti mwana wawo wamng'ono wasanza kawiri, mwina ndi mano. Ndakuwa kuti aziwiritsa madzi, athamange naye kuchipatala. Anadabwa kuti ndalusa chiyani. Sindinawauze. Ndikuopa, Mulungu wanga, ndikuopa.

Lolemba, 16 Febuluwale
Ndaulula kwa abwana. Sanakalipe, bola akanakalipa. Tachotsa maziro onse, talowetsa manambala amene nesi watipatsa. Kompyuta yaganiza mphindi zinayi, kuseri kwa fakitale kwafiira psuu. Lole inyamuka mawa. Akuti mawa.

Mwana ali pa benchi kuchipatala, maso alowa, sakuliranso. Achemwali pa foni, mawu osasa: "Usadziimbe mlandu mng'ono wanga, iwe ukanadziwa bwanji? Si makinawo anakunamiza?"



Ndinati eya.