Tayala Langa Linafika Kunyanja pa Lole

Aphungu,

Ndine telala, ndipo Loweruka lililonse ndimapalasa njinga ndi anzanga a kalabu yathu. Chaka chilichonse kalabu imapita kugombe la nyanja, ulendo wa tsiku lathunthu. Lamulo lathu ndi loti amene wafika pa njinga yake n'kuviika tayala lakutsogolo m'madzi amapatsidwa malaya achikasu a kalabu. Malayawo ndimasoka ndine, koma sindinavalepo, chifukwa ulendowu ndinali ndisanapiteko mpaka chaka chino.

Wapampando ndi mlamu wanga, mchimwene wa mayi akunyumba. Anandiika kukhala wotseka m'mbuyo, ndiye kuti munthu womalizira amene saloledwa kupitirira mnzake aliyense wotsalira.

Tsikulo dzuwa linali loswa mtengo, phula mpaka kumata matayala. Pachitunda china chachitali, mnzathu wophika buledi, amene timamutchula kuti Abanzi, anayamba kudzandira. Thukuta linasiya kutuluka, akuyankhula zosamveka. Ndinamukokera pamthunzi, ndinamuthira madzi anga onse, n'kuimbira wapampando. Anandiyankha kuti, "Alamu, inu si wotseka? Tsekani kumeneko! Ife tikuthamangira chithunzi dzuwa lisanalowe." Ndinaimitsa lole yonyamula simenti, tinathamangira naye kuchipatala, kumene anamuika dilipi. Abanzi atatsitsimuka, dalaivala wa lole ija anandifikitsa kugombe pamodzi ndi njinga yanga.

Nditaviika tayala langa, onse anafa ndi phwete. Wina anati, "Atelala, malayawa tipereke kwa adalaivala a lole!" Tsopano mlamu wanga akuti ngati ndikuwafuna, ndibwereze ulendowo ndekha Loweruka likubwerali. Mayi akunyumba akuti, "Ingopitani, musandidanitse ndi achimwene." Kunja kukutenthabe. Ndipite?

W. T. K.

Atelala,

Musapite.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, poganiza kuti mwina maso anga okalambawa adumpha mzere umene anzanuwo anachitapo chanzeru. Sindinaupeze. Amuna akuluakulu, ena a imvi m'mutu, ovala makabudula othina ngati chikopa, anamva kuti mnzawo wagwa pamsewu, ndipo chimene anaopa n'chakuti chithunzi chichita mdima. Ife tinaphunzitsidwa kuti gulu limayenda ndi liwiro la munthu wake wofooka. Chimene muli nacho inu si kalabu, koma anthu amene anangogula njinga m'sitolo imodzi.

Za mlamu wanuyo ndilankhula mwaulemu, pakuti ndi wapampando. Munthu amene amauzidwa kuti mnzake wasiya kutuluka thukuta, iye n'kuyankha za dzuwa lojambulira, mpando woyenera iyeyo ndi wa pakhonde. Anakupatsani udindo wosasiya munthu m'mbuyo, inu munausunga, ndipo tsopano akukulangani chifukwa chousunga. Kodi akanakonda kuti mukaviike tayala m'nyanja, Abanzi ali gone pansi pa mtengo? Malaya achikasuwo akanavala onse, inde, koma akanawavala kumaliro.

Chitani izi. Pemphani kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa kalabu, osati pachipata cha mlamu wanu kapena pa lamya. Abanzi akapeza bwino, apite nanu, ndipo alankhule okha. Inu musadzitame, musakwezenso mawu. Mukafunse funso limodzi lokha: wotseka m'mbuyo akapeza wodwala, kalabu ikufuna kuti asankhe munthu kapena malaya? Ayankhe pamaso pa onse, ndipo yankholo likhale lamulo.

Mukatero, muwakumbutse zimene ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Ulendo wautali m'nyengo yotentha umayambika mbandakucha, ndipo dzuwa likafika paliwombo anthu amapuma pamthunzi. Pambuyo pa gulu pamayenda galimoto yonyamula madzi ambiri. Munthu akayamba kuzunguzika mutu, gulu lonse limaima. Inu munapulumutsidwa ndi lole ya simenti imene inangodutsa mwamwayi, ndipo mwayi sulembedwa ntchito.

Akakana, tulani pansi udindowo mwaulemu, muupereke kwa wapampando. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akalawe kuyenda pambuyo, akuona misana ya anzake ikuzimiririka pachitunda. Koma musadzisokere malaya mwamseri, ngakhale nsalu ndi makina zili m'manja mwanu. Mukatero mwawapatsa choseka chachiwiri, ndipo chimenecho chidzakhala chowayenera.

Mayi akunyumba musawakalipire. Ali pakati pa mlongo wawo ndi mwamuna wawo, malo amene palibe munthu amawasirira. Akhazikeni pansi, muwafotokozere mmene Abanzi ankaonekera muja munkawakweza pa lole, lilime louma, maso atatembenuzika. Kenako muwafunse ngati kumwetulira kwa achimwene awo n'kokwanira kuti inu mukaoneke chimodzimodzi. Ndikukhulupirira kuti njinga akaitsekera okha m'chipinda.

Chenjezo langa ndi ili. Abanzi ali moyo chifukwa pambuyo pawo panali inu. Loweruka limene mlamu wanu akukutumanilo, mukadzayamba kudzandira pachitunda chija, mudzacheuke. Simudzaona wotseka m'mbuyo, pakuti wotsekayo ndinu.

Aphungu