Kodi ndisinthe mafyuzi onse asanapse?

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti mwana ali bwino. Pamene ndikulemba pano ali pansi pa tebulo, akumenya chivundikiro cha poto ndi supuni. Amene sali bwino kwenikweni ndine, mutu wangoti zungulizunguli pa kanthu kochepa ngati chikhadabo.

Ine ndine kalipentala. Sukulu sindinapite nayo patali, koma manja amandidyetsa. Ndili ndi kapikapu kakale komwe ndimanyamulira zitseko ndi matebulo kupita kwa makasitomala. Ndinakagula kwa munthu amene nayenso anakagula kwa munthu, ndiye mbiri yake sindiidziwa. Tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, sanakwane zaka ziwiri. Timamutcha Kapitawo chifukwa akangokhosomola nyumba yonse imaimirira. Ali ndi chifuwa chobanika, ndipo chikamugwira sitikambirana, timangothamangira kuchipatala.

Sabata yatha chinamugwira masana, kunja mvula ikukhuthuka ngati yotumidwa. Mayi ake anamukulunga m'bulangeti, tonse m'galimoto. Titangolowa mumsewu waukulu, mawaipa amene ankayenda mokoka miyendo chichokereni pakhomo anaima pakati pa galasi, njo! Kuzimitsa, kuyatsanso, zii. Kutsogolo madzi okhaokha. Pambali panga kachifuwa ka mwana kakuimba likhweru. Ndinatsitsa galasi la chitseko, n'kutulutsa mutu, kumayenda pang'onopang'ono mvula ikundiwaza m'maso. 

Mwamwayi tinafika pamalo omwetsera mafuta pomwe pali kashedi ka makaniko. Bamboyo anatuluka atafunda katoni kumutu. Anadzutsa waipa, n'kulowetsa chala mumpata wa m'munsi mwa galasi, n'kusolola kasokosi kamwana katakulungana patsinde pa waipayo. Anakakweza m'mwamba, amvekere, “Bwana, galimoto yanuyi imavala nambala yanji?” Mayi a Kapitawo anangoyankha chapansipansi, “Ndi ka mwanayu.” Paja iwo dzuwa likawala amayanika tizovala ta mwana pagalasi la galimoto, n'kupanikiza ndi mawaipa kuti mphepo isauluze. Tsiku limenelo anaanula mothamanga mvula itayamba.

Kenako makaniko uja anagwada pansi pa chiwongolero, n'kutsegula kabokosi komwe ine sindinkadziwa kuti kaliko. Anazula kapulasitiki kabuluu ka miyendo iwiri, n'kukayang'ana powala. “Fyuzi yapsa,” anatero. Anabaya ina, mawaipa n'kuyamba kupukuta ngati palibe chachitika. Ndisanamalize kuthokoza anandikalipira, “Pitani ndi mwanayo, zikomo mudzanena pobwera!” Kuchipatala anamuika kachigoba kopumira mankhwala, madzulo anali atayamba kale kukoka anamwino malaya.

Chichokereni tsiku limenelo mtima uli m'malo, koma osati wonse. Ndimati ndikaganiza kuti moyo wa mwana wanga unatsala pang'ono kutsekeredwa pamsewu ndi kanthu koti ndikhoza kukameza, tulo timathawa. Kuntchito kwanga, thabwa likayamba kufumbwa sindidikira kuti denga ligwe, ndimasinthiratu. Oyilo timasintha injini isanafe. Ndiye ndagula paketi ya mafyuzi yamitundumitundu, yotchipa, ndipo maganizo anga ndi akuti ndizule onse akale ndiike atsopano, kenako ndizichita zimenezi nthawi iliyonse ndikasintha oyilo. Kabokosi kaja ndinakatsegula. Muli ofiira, abuluu, achikasu, ndipo pachivundikiro alemba tizilembo todulidwadulidwa tomwe sindikutimvetsa. Ndinatsekanso.

Alamu anga, achimwene awo a mayi a Kapitawo, amayendetsa minibasi. Iwo anaseka mpaka kugwira nthiti. “Alamu, mukuvutikiranji? Pamene panapsa ya 15 bayanipo ya 30, siidzapsanso mpaka mwanayu adzakwatiwe. Ikasowa mumangokulunga kawaya pamiyendo yakeyo, ife timatero.” Mayi akunyumba nawo akuti, “Inu bambo a Kapitawo, galimoto ikuyenda bwinobwino, mukufuna muidwalitse ndi manja anu? Munthu wabwinobwino samupanga opaleshoni.”

Paketi ija ili pamwamba pa kabati, sindinaitsegule. Ndaopa kudya phula ngati safunsa. Ndisinthe onse? Nanga za alamuzi zili ndi mutu? Ine chomwe ndikufuna n'chimodzi, tsiku lina chifuwa chikadzamugwira, galimoto idzatifikitse.

M.D., bambo a Kapitawo

Bambo a Kapitawo,

Pumani kaye. Mwana ali bwino, galimoto ili bwino, ndipo ntchito imene mukufuna kudzipatsayo kulibe. Musasinthe mafyuzi amene sanapse. Pa nkhani iyi mayi akunyumba akhoza, ndipo muwauze kuti ndatero.

Nzeru yanu ya thabwa lofumbwa ndi yabwino, kungoti mwaiika pamalo osayenera. Fyuzi si thabwa, chiswe sichiidya. Si oyilonso, siida ndi ulendo. M'kati mwa kapulasitiki kaja muli kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kuti kazidukiratu magetsi akachuluka kuposa muyeso. Ngati palibe chovuta, kamangokhala phee zaka ndi zaka, ndipo mafyuzi ambiri amakalamba limodzi ndi galimoto osasinthidwapo.

Inu mukuiona fyuzi ija ngati yokuchitani chipongwe. Ayi ndithu, inagwira ntchito yake. Kasokosi kanamanga waipa, mota yoyendetsa mawaipa n'kumakankha mwamphamvu, magetsi n'kuchuluka. Pamenepo chinayenera kupsa chinthu chimodzi, kaya fyuzi, kaya mota, kaya mawaya a kuseri kwa chiwongolero, inu atatu muli momwemo. Chinapsa chotchipa. Mukanaika yatsopano m'mawa wa tsiku lomwelo, ikanapsanso chimodzimodzi. Ndiye mankhwala ake si paketi yanuyo, ndi chingwe choyanikira. Ndinu kalipentala, mitengo iwiri ndi misomali sizingakukanikeni.

Kuzula onse kuli ndi mavuto akeake. Timano togwira miyendo ya fyuzi timakhwepa mukamazula ndi kubaya kawirikawiri, ndipo fyuzi yogwedera ndi imene imazimitsa zinthu pamabampu. Mukhozanso kusokoneza malo, yofiira kupita pa yachikasu, n'kudzipangira matenda amene kunalibe. Komanso mafyuzi otchipa kwambiri ena sakhala oona. Pamsana alemba nambala, koma nthawi yoti apse amangotentha osaduka. Mungachotse abwino n'kuika achinyengo.

Za alamu anu ndinene mosapsatira: ayi. Nambala ya pafyuzi anaiyeza molingana ndi kukula kwa waya umene ikuteteza. Mukaika ya 30 pamalo a 15, n'zoona siipsa, koma chimapsa ndi waya, ndipo waya ukapsa umayatsa zoyandikana nawo. Kukulunga kawaya ndiye koipa kuposa apo, kuli ngati kuchotseratu chitseko chifukwa chikulira. Alamu musakangane nawo, muwalandire bwino monga mwa masiku onse, koma kabokosiko asakakhudze.

Tsono chitani izi. Tsiku lopanda mvula bwererani kwa makaniko uja, paja muli naye ndi zikomo wosamaliza. Popeza galimotoyo yadutsa m'manja ambiri, ayang'ane kamodzi mabokosi onse, chifukwa magalimoto ambiri amakhala ndi lina pansi pa boneti. Aone ngati fyuzi iliyonse ikugwirizana ndi nambala yolembedwa pachivundikiro, ndiponso ngati eni ake akale sanasiyemo zokulungakulunga. Yadzimbiri, yakuda m'miyendo, yosungunuka pulasitiki kapena yogwedera, imeneyo ndiye yosintha, ndipo afufuze chaichititsa. Ngati m'kabokosi mukulowa madzi, atseke polowera.

Tizilembo ta pachivundikiro tisakuchititseni manyazi, ngakhale ophunzira timawazunguza mutu. Mumupemphe akulozereni ya mawaipa, ya nyali zakutsogolo, ya nyali za mabuleki ndi ya hutala. Mujambule kabokosiko pafoni zonse zili m'malo mwake. Akuonetseninso yopsa ndi yamoyo poyerekeza, kuti muzidziwa kachitsulo koduka mukakayang'ana powala.

Mugule mafyuzi abwino kusitolo ya zipangizo za galimoto, angapo pa nambala iliyonse imene ili m'galimoto yanu, pamodzi ndi kopanira kozulira. Azikhala m'galimoto momwemo, osati pamwamba pa kabati. Ikadzapsa, muime pambali, muzimitse injini, muchotse kiyi, muyang'ane kaye ngati palibe chamanga kapena chakhudzana, kenako muzule imodzi yokhayo n'kuika ya nambala yomweyo. Imeneyo ndi ntchito yoti mungaithe nokha mwana asanamalize kulira.

Mphamvu zosinthiratu zinthuzo muzipereke kumene zikufunika: matayala, mabuleki, mipira ya mawaipa, mitu ya batire, ndi mafuta oti asamakhale pansi penipeni. Izi ndiye zimatha ndi ulendo ngati oyilo. Ndipo poti chifuwa cha mwana sichipangana tsiku, khalani ndi nambala ya mnansi wagalimoto kapena wa takisi m'foni zanu nonse awiri. Zoyendetsa galimoto mutu uli panja mvula ikukumenyani m'maso, ulendo uja munapulumuka, musadzabwerezenso. Kuima n'kuimbira wina kumafikitsa msanga kuposa kulowa m'ngalande.

Chenjezo langa ndi ili. Fyuzi ikapsa kamodzi, n'kutheka ndi tsoka la tsikulo. Yatsopano ikapsanso pamalo omwewo, musabaye yachitatu, galimoto ikukuuzani kuti penapake waya wasupuka kapena chipangizo chikufa. Pamenepo Kapitawo asakweremo mpaka wodziwa magetsi a galimoto atapeza chifukwa chake.

Aphungu