Dzanja Logwira Lezala

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yanu ndinailandira mwezi wathawu. Munafunsa ngati ndinapita kuchipatala monga ndinakulonjezani. Ndinapita. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndikulembereni zinthu zitayenda bwino, koma ndaona kuti mungadikire mpaka kumera imvi.

Adokotala anandigoneka pa kabedi n'kundidina pansi pa nthiti zakumanja, ine n'kudzidzimuka ngati andiotcha. Atandiyang'ana m'maso ndi kundijambula pamimba, anakhala pansi n'kuvula magalasi. Anati, "Bambo, chiwindi chanu chawonongeka ndi mowa. Mimba mukuiyesa kunenepayi ndi madzi. Mumamwa wochuluka bwanji?" Ndinati pang'ono chabe, wochotsera kutopa. Iwo anati, "Aliyense wogona pa bedi limeneli amamwa pang'ono chabe." Anandichenjeza kuti ndisasiye tsiku limodzi, poti thupi lozolowera likhoza kundigwetsa ngati wakhunyu, koma ndizichepetsa sabata ndi sabata mpaka kulekeratu. Anandipatsa mapiritsi ndi tsiku lobwererako.

Ndinayesetsa, Achemwali, Mulungu ndi mboni. Mlamu wanu anamata timapepala pa botolo, tosonyeza polekezera tsiku lililonse. Sabata yoyamba ndinangosanduka waukali, wokalipira ngakhale mpando. Yachiwiri linali thukuta ndi nseru. Yachitatu ndi imene manja anandiukira.

Inu mukudziwa kuti ine ndimadyera manja. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumeta anthu m'kachipinda kaja ka galasi long'aluka pakona. Tsitsi aliyense angamete ndi makina, koma ine anthu amandilondola chifukwa cha ndevu: thawulo lotentha, thovu, lezala pakhosi, munthu mpaka kuwodzera pampando. Chimene sindinakuuzenipo n'chakuti kwa zaka zinayi tsopano sindigwira lezala ndisanalaweko. Kabotolo kamakhala kuseri kwa katani, pakati pa sipiriti ndi mafuta a tsitsi. Ndikameza kawiri, dzanja limakhazikika.

Loweruka la sabata yachitatuyo kunabwera Aphunzitsi, nkhalamba yopuma pantchito imene ndaimeta Loweruka lililonse chitsegulireni malowa. Tsaya limodzi ndinalimaliza movutikira, nditaumitsa mkono. Nditafika pansi pa khutu, dzanja linangodumpha lokha. Magazi anayenderera pa thawulo loyera, ndipo anthu atatu odikira pa benchi anasiya kukangana za mpira. Aphunzitsi sanakalipe. Anagwira thonje pabalapo n'kundiyang'ana pagalasi.

"Iwe, lero sunamwe eti?"

"Adokotala andiletsa, Aphunzitsi. Akuti chiwindi."

"Pepa, mwana wanga. Koma ine sindingayende mumsewu ndi ndevu za mbali imodzi. Lowa kuseriko ukachite zimene umachita, ubwere udzamalize. Usachite manyazi, tonse timadziwa."

Ine ndimayesa ndi chinsinsi changa, chonsecho benchi lonse limawerenga maulendo anga a kuseri kwa katani. Ndinalowa, ndinamwa, ndipo tsaya linalo ndinalimeta bwino lomwe, popanda ngakhale kukanda. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Nkhaniyo inawanda. Tsopano munthu amaima kaye pakhomo n'kufunsa moseka, "Akulu, mwalawako kale kapena tibwere masana?" Ndikati sindinalawe, amati abweranso, kenako ndimawaona akulowa kwa wometa wa kutsidya kwa msewu. Ena, mwa chifundo chawo, amabwera ndi kabotolo m'thumba, ati n'kothandizira dzanja. Dalaivala wina wa lole anandibweretsera botolo lalikulu lochokera kutali, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri, kuthokoza ngati wandipatsa mankhwala. Ndingawakwiyire bwanji? Ndi anthu ondikonda, ndipo ndi makosi awo amene ali pansi pa lezala.

Ndinayesa kusiya za ndevu kuti ndizingometa tsitsi, koma makina nawo amafuna dzanja. Bambo wina ndinamulambulira msewu pakati pamutu, mpaka tinagwirizana zongometa mpala. Ntchito ina sindiidziwa. Ndikamwa ndikupha chiwindi, ndikapanda kumwa ana agona ndi njala, ndipo ndaganiza mpaka mutu kuwawa osapeza potulukira.

Tsiku lobwerera kuchipatala linali dzulo. Sindinapite, chifukwa ndikanakanena chiyani? Lachinayi lapitali ndinasanza magazi mu sinki wotsukiramo maburashi, n'kutsuka msangamsanga wina asanalowe. Maso anga achita chikasu, ndipo munthu wogwira ntchito patsogolo pa galasi tsiku lonse sangadzinamize. Ndikuchita mantha, Achemwali. Mlamu wanu akumatabe timapepala pa botolo la kunyumba, akusangalala kuti mlingo ukutsika, mpaka wauza anzake kuti bambo a kunyumba asintha. Za kuseri kwa katani sakuzidziwa, ndipo mawu omuuzira akundisowa.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu akatsekera ndikutumizirani mwana wanu, woyamba kubadwa m'nyumba mwanga uja. Iye mumuuze kuti wabwera kutchuthi chabe, koma inu mufunsiretu malo pasukulu ya kwanuko. Ndi mtsikana wanzeru, amadzuka yekha m'mawa, sadzakuvutitsani. Masiku ano akaweruka amadzera kuntchito kwanga kudzandipatsa moni, ndipo sindikufuna kuti akhale iye wodzandipeza nditagwa pansi pa mpando.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndevu zawo apeze wina woziwongola, asasungire ine monga amachitira ndikamabwera. Moni kwa ana onse, makamaka kamtsiriziro kaja sindinakaonebe. Amayi mungowauza kuti ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Akakayika, muwaonetse kalatayi. Maso awo sangathenso kuwerenga, koma adzaona kuti zilembo zake ndi zowongoka, mizere yosakhota, ndipo mtima wawo udzakhala pansi. Inu nokha ndi amene mudziwe chimene ndamwa kuti ziwongoke chonchi.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
uja munkamubereka kumbuyo.