Mizu Yotsekemera Yochokera ku Joni

Msakambewa, Dowa
14 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Nathaniel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno kukuzizira, chimanga takolola, fodya wapita ku okushoni. Ndalemba kalata chifukwa netiweki kuno imagwira pachulu cha m'mbali mwa njira, ndipo nkhani iyi si yonenera pamene anthu akudutsa. Ndili m'madzi, achimwene, ndipo yandiikamo ndi mizu ija munanditumizira.

Musandimve molakwa, munachita zaubale. Nditakunong'onezani pa Khirisimasi kuti kuchipatala ati pulositeti yanga, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kaja, ndi yotupa ndipo mapiritsi akungondipepuza kwa kanthawi, inu munathamanga kukandigulira mizu yotsekemera ija amati likorisi. Ndimawiritsa monga munanenera. Ngati ikuthandiza sindikudziwa. Kutentha pokodza kumachepa lero, mawa kwabweranso. Namwino atamva anandikalipira kuti mizuyi imakweza kuthamanga kwa magazi.

Kunyumba matendawa sindinawanene. Munthu wa msinkhu wanga, mkulu wa mpingo, ndikanayambira pati? Mizu ndinaibisa m'chigafa, ndimakawiritsira m'kachitini kudimba. Sabata yatha amake Luckness anaipeza akusaka pamene nkhuku ikuikira mazira. Anangolumako kamodzi, kutsekemera kuja, basi: "Gondolosi!"

Taganizani inu. Miyezi yonseyi ululu wandigoneka chofulatira. Mkodzo ukandithina, kutchalitchi ndimatuluka ulaliki uli mkati, kumaliro chimodzimodzi, kungozimiririka osatsazika. Ndiye lero apeze muzu wa amuna utabisidwa! Anandifunsa, "Abambo a Luckness, mphamvu zimenezi mukukathera kuti? Poti muno ayi."

Ndinalimba mtima n'kuwauza kuti ndikudwala, pokodza pamatentha. Ha! Ndinaputa mavu. "Ndiye mwatengakonso chinzonono?" Mukudziwa kwathu kuno, munthu akamva za kutentha pokodza palibe china amaganiza. Ndinawapempha kuti tipite limodzi ku Boma akamve okha kwa dokotala. Akuti sangakwere minibasi kukachititsidwa manyazi pamzere wa anthu.

Tsopano nkhani yafika kwa ankhoswe, tikhala pansi kumapeto kwa mwezi uno. Ine ndine mkamwini. Nyumba imene ndinaumbira njerwa ndi manja angawa ili pamalo pa eni ake, akangoti nyamuka, ndinyamuka ndi mphasa yokha. Nkhoswe yanga ndinu, koma muli kutali. M'malo mwanu akubwera amalume a Yoswa, amene makutu anatha kalekale, kuti amve mpaka ukuwe. Ndiye ndikakuwe za chikhodzodzo changa pamaso pa apongozi, anthu oti ngakhale panjira timapatukirana? Ndikakhala chete ndine wachimasomaso, ndikalankhula ndine wachinzonono. Ndikuopa, achimwene. Mkaziyu ndimamukonda, ndipo chimukwatirireni sindinayendepo kwina.

Chonde, ngati kuntchito angakuloleni, bwerani. Zikakanika muimbireni mlamu wanu, mumuuze kuti mizu munagula ndinu, mumuuzenso chifukwa chake. Inu amakulemekezani, mwina angakumvereni. Ina musatumizenso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Luckness akuti moni, mayeso walemba bwino. Amake ndawauza m'mawa uno kuti ndikukulemberani. Ndinaima pakhomo kudikira kuti anene "muwapatse moni" monga amachitira nthawi zonse. Anangopitiriza kupeta.

Ndine mng'ono wanu,
Aroni